Mwana wovuta sanalodzedwe

Mu minibasi ya ku Area 25 kapena pamjigo ku Mtandire mumva anthu akuti mwana wokwiya msanga, wonama, wodzicheka ndi lezala, walodzedwa ndipo sadzasinthanso. Si zoona, makolo anzanga.

Kafukufuku akusonyeza kuti makhalidwe otere amachokera mbali ina ku chibadwa, mbali ina ku zimene mwana wakumana nazo: nkhanza, kugwiriridwa, kusowa womusamala. Ubongo umakhwimabe mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo achinyamata ambiri amasintha akathandizidwa. Madokotala saweruza ndi tsiku limodzi. Kwa wosakwana zaka 18 amafufuza ngati vutolo lakhalapo chaka chathunthu.

Chimandiwawa n'chakuti mwana amakwapulidwa kuti "chiwanda chituluke", bala la mumtima n'kumakulirakulira. Pitani naye ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe, kuli gawo loona matenda a maganizo.