Kuoloka Atlantic pa Bwato la Matanga: Usiku Mumakocheza Kuti?

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Mbare, amalume anga anandikokera pansi pa mtengo pomwe azibambo amadikirira amayi kuti amalize zachigwirizano. Iwowa anabadwira ku Nkhotakota, ndipo ngakhale akhala mu Harare zaka zoposa 40, nyanja sanaiiwale. "Mphwanga," anatero, "amako akuti unachoka ku Cape Town mpaka ku Brazil pa bwato loyendera mphepo. Nanga usiku mumakocheza kuti?"

Ndinati, "Amalume, sitikocheza."

Anandiyang'ana ngati mwana amene wagwidwa bodza. Koma funso lawolo ndi labwino kuposa mafunso onse amene ndimafunsidwa, chifukwa ambiri amangofuna kudziwa ngati sindiopa nsomba zikuluzikulu. Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa mabwato a matanga, ndipo pa mipikisano yooloka nyanja yamchere ndimatsogolera limodzi mwa magulu awiri a amalinyero. Zingwe ndinayamba kuzigwira pa damu la Chivero, panjira yopita ku Bulawayo, pa kabwato ka anthu awiri komwe kakagubuduzika umangokaimika n'kukweranso. Ndikaganizira zonse zimene zimachitika m'bwato lalikulu la mpikisano, kadyedwe, kagonedwe, ngakhale mikangano yathu, gwero lake ndi lomwelo limene amalume analikhudza: bwatolo siliima.

Mpikisano wochokera ku Cape Town kukathera ku Rio de Janeiro unayamba mu 1971. Njira imene mabwato amatsata imakwana mamailosi apanyanja pafupifupi 3,600. Mailosi imodzi yapanyanja ndi mamita 1,852, choncho tikunena za makilomita oposa 6,600. Amene munakwerapo basi yochokera ku Harare kupita ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ganizirani kuyenda msewu umenewo maulendo 11 motsatizana. Kusiyana kwake n'koti basi imaima pachipata, mumatsika, mumawongola miyendo, mumagula nthochi. Pa Atlantic, phiri la Table likangobisika kumbuyo, kwatsala madzi okhaokha kwa milungu iwiri kapena itatu. Nangula ndi wopanda ntchito chifukwa pansi pali makilomita anayi kapena asanu. Injini ilipo ndithu, koma malamulo a mpikisano salola kuti ikankhe bwato. Timailiza pongofuna kutchaja mabatire.

Za matanga amalume sizinawavute. Anandikumbutsa okha kuti zombo za a Jumbe zinkaoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, zitanyamula minyanga ndi akapolo, popanda injini. Chimene anakana n'chakuti bwato lingayende molimbana ndi mphepo. Limayenda. Thanga likakokedwa bwino limapindika ngati phiko la ndege, ndipo mphepo ikamadutsa mbali zake ziwiri imalikokera cham'mbali ndi chakutsogolo pang'ono. Pansi pa bwato pali chipsepse chachitali chachitsulo, timachitcha keel, ndipo kumapeto kwake kuli mtovu wolemera matani angapo. Chipsepsecho chimakaniza bwato kutsetserekera m'mbali, mtovuwo ndi umene umaliletsa kugubuduzika. Mphepo ikukankha uku, madzi akukaniza uko, bwato limathawira kutsogolo, monga imachitira nthanga ya mango yoterera ukaifinya pakati pa zala. Silingalunjike kwenikweni kumene mphepo ikuchokera, limapatuka madigiri ngati 45, ndiye timayenda mokhotakhota, ngati munthu wokwera chitunda pa njinga yonyamula makala.

Chimene chimadabwitsa ngakhale ophunzira anga ndi njira. Ukatambasula ulusi pa mapu kuchoka ku Cape Town kufika ku Rio, ulusiwo umadutsa m'dera limene mpweya umatsika kuchokera kumwamba n'kungokhala phee. Dera limeneli lili pakati pa Atlantic ya kummwera, ndipo mphepo imalizungulira m'mphepete pomwe pakati pake pali bata. Wotsata ulusi uja amakatsakamira m'batamo masiku angapo, matanga ali lende, dzuwa likuwotcha, anzake akudutsa kutali. Choncho timayamba talowera chakumpoto, ngati tikupita ku chilumba cha St Helena, mphepo ya kummwera chakummawa ikutikankha kumbuyo, kenako n'kukhotera kumadzulo. Mtunda umachuluka koma masiku amachepa. Mpikisano wonse umapambanidwa pa funso loti uyandikire bwanji bata lija. Ukalitalikira kwambiri wataya mtunda, ukaliyandikira kwambiri lakumeza. Ndiponso silikhala pamodzi, limasuntha. Munthu wowerenga mapu a nyengo pa kompyuta amakhala pansi m'kachipinda kotentha, sagwira chingwe ngakhale chimodzi, koma ndi iye amene timamudandaulira kapena kumuyamika tikafika.

Popeza bwato siliima, payenera kukhala anthu ali maso nthawi zonse. Timagawana magulu awiri. Gulu lina likakhala pamwamba, lina lili pansi, ndipo timasinthana. Mabwato ambiri amasinthana maola anayi anayi usiku, masana ena amatalikitsa kufika maola 6. Alonda a m'mafakitale a ku Msasa ndi anamwino ogwira ntchito usiku akudziwa mmene thupi limadandaulira likasokonezedwa tulo, koma iwo mwina amakagona kunyumba kwa maola angapo otsatizana. Ife ayi. Mwa maola anayi aja, chotsanipo nthawi yovula zovala zonyowa, yodya, yopita kuchimbudzi, ndi mphindi 20 zimene amakudzutsiratu kuti uvale. Ukapeza maola awiri ndi theka a tulo, wachita mwayi. Ndipo ngati pakufunika kusintha thanga lalikulu, amadzutsa aliyense, kaya wangogona kumene.

Bedi si lako. Ukamatsika umalowa m'bedi limene mnzako wa gulu linalo wangochokamo, likadali lofunda ndi thupi lake, nthawi zina ndi fungo la masokosi ake. Timagona mbali imene bwato latukuka, kuti kulemera kwathu kuthandize kuliwongola, ndipo bwato likakhota, ogonawo amadzutsidwa kuti asamukire mbali inayo. M'mbali mwa bedi muli chinsalu chomangira kuti usagwe. Miyendo imaloza kutsogolo kwa bwato, chifukwa likawomba funde n'kuima mwadzidzidzi, ndi bwino zigunde ndi zidendene kusiyana ndi mutu.

Masiku awiri kapena atatu oyamba, theka la anthu amakhala akusanza. Si mantha ndipo si kufooka. M'kati mwa khutu muli kachiwalo komva kugwedezeka, ndiye kakamauza ubongo kuti tikuyenda pomwe maso akuona khoma losasuntha, thupi limasokonezeka. Mankhwala ake abwino ndi kutuluka panja, kuyang'ana kumene nyanja yakumana ndi thambo, kapena kupatsidwa chiwongolero. Ndaonapo zimphona za masewero a rugby zili gone ndi ndowa pambali, mayi wa zaka 50 akuziphikira tiyi.

Pa tsiku lachisanu mseru umakhala utatha, koma kusowa tulo kwayamba kulamulira, ndipo apa ndi pamene ntchito yanga yeniyeni imayambira. Munthu wosagona samadziwa kuti nzeru zake zachepa. Amamanga mfundo molakwika ali wotsimikiza kuti wamanga bwino. Amakwiyira mnzake chifukwa cha supuni. Ndimayang'ana nkhope za anthu anga kuposa mmene ndimayang'anira matanga. Wogwira chiwongolero usiku ndimamusintha pakatha mphindi 30 kapena 40, ngakhale anene kuti akadali bwino, makamaka akanena kuti akadali bwino. Amene amachedwa kukwera pamwamba ndi mphindi zisanu ndimamudzudzula pomwepo, chifukwa mphindi zisanuzo wazibera munthu wina amene wakhala akuziwerenga kwa maola anayi akunjenjemera. Kumudzi timati mutu umodzi susenza denga. M'bwato vuto silikhala kusowa mitu, koma kuti mitu yonse ili ndi tulo.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Usiku wina, tili pakati penipeni pa ulendo, tinali titakweza spinnaker, thanga lalikulu lopepuka lotukumuka ngati chibaluni, limene timakweza mphepo ikakhala kumbuyo. Bwato linkathamanga bwino, madzi akung'anima m'mbali chifukwa cha tizilombo ting'onoting'ono timene timawala tikagwedezedwa. Kumbuyo kwathu nyenyezi zinayamba kuzimiririka chigawo chimodzi. Chimenecho ndi chizindikiro cha mtambo wobweretsa chimphepo chadzidzidzi, ndipo ndinkachidziwa bwino. Kamphepo kozizira kanandikhudza m'khosi, chizindikiro chachiwiri. Ndinayenera kudzutsa gulu linalo kuti titsitse thangalo. Koma anali atangogona, ndinawamvera chisoni, komanso sindinkafuna kutaya liwiro, ndiye ndinadziuza kuti mtambowo utilambalala. Sunatilambalale. Bwato linagona cham'mbali mpaka mlongoti kuyandikira madzi, mapoto akuuluka pansi, ndipo thanga linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi phokoso ngati mfuti. Palibe anavulala. Koma anthu amene ndinkawasungira tulo aja anakhala masiku awiri akusoka, ndipo mabwato awiri anatidutsa. Asodzi a ku Nkhotakota akaona mwera ukubwera sakambirana nawo, amabwerera kumtunda. Ife kumtunda kulibe, chimene tingachite n'kuchepetsa matanga nthawi ikadalipo, ndipo ine ndinachedwa.

Zakudya sindinenapo zambiri. Pa mabwato a akatswiri amadya chakudya chouma cha m'mapaketi, chongothira madzi otentha, chifukwa kilogalamu iliyonse imachedwetsa bwato. Pa mabwato ena timaphika mpunga, pasta ndi nyemba za m'zitini, pa chitofu cholendewera chimene chimakhala chowongoka bwato likapendekeka. Ndinayesapo kuphika nsima kamodzi. Kuvundula phala lowira ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chitsulo, pansi pakuvina, ndi njira yachidule yopsera pamimba, ndipo kaputeni anandiletsa kubwerezanso. Madzi akumwa timapanga tokha. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, impso sizingathe kuuchotsa popanda kutaya madzi ochuluka kuposa amene wamwa, choncho womwa madzi amenewo ludzu limangokula. Pali kamakina kokankha madziwo mwamphamvu kudzera mu sefa yothina kwambiri yomwe mchere sudutsa. Kakawonongeka, kusamba kumayamba kuiwalika, ngakhale kunena zoona kusamba kumakhala kutaiwalika kale.

Choopsa chenicheni si nsomba, ndi kugwera m'madzi. Bwato lothamanga makilomita 22 pa ola limakhala litapita mamita oposa 350 pa mphindi imodzi. Kutsitsa spinnaker ndi kutembenuka kumatenga mphindi zingapo, ndipo mutu wa munthu pakati pa mafunde usiku ndi waung'ono ngati dzungu. Pa mpikisano woyamba wa Whitbread wozungulira dziko lonse, umene unanyamuka ku Portsmouth mu 1973 ndipo lero umatchedwa The Ocean Race, amalinyero atatu anafa atagwera m'nyanja. N'chifukwa chake usiku aliyense amavala jekete yoyandamitsa yokhala ndi lamba, ndipo amadzikoleka ku bwato asanatulutse thupi lonse pakhomo. Ukafuna kusuntha, umakoleka ngowe yachiwiri usanamasule yoyamba. Munthu wotopa amaona ngati ndi chintchito, n'chifukwa chake ndimayendera aliyense ndi tochi yofiira, yosathobwa m'maso, kugwira lamba wake ndi dzanja langa.

Achinyamata a ku Mufakose ndi Dzivarasekwa mu Harare amandifunsa ngati munthu wobadwira m'dziko lopanda nyanja yamchere angalowe m'zimenezi. Angathe. Mpikisano wa Clipper wozungulira dziko lonse, umene anauyambitsa Robin Knox-Johnston mu 1996, umatenga anthu wamba amene sanakwerepo bwato, n'kuwaphunzitsa asanawakweze pa mabwato a mamita 21 pansi pa kaputeni wodziwa ntchito. Knox-Johnston ndi amene anayamba kuzungulira dziko yekha osaima paliponse, masiku 312, kuyambira 1968 mpaka 1969. Koma sindibisa, malo pa mpikisano umenewo amalipiritsa ndalama zambiri, zoti ambiri a ife sitingazione. Njira imene ndimalangiza ndi yapansipansi. Phunzirani pa kabwato kakang'ono ku Chivero kapena ku Kariba, phunzirani kusambira, kenako mukapezeke pa doko ngati Cape Town kapena Durban, komwe eni mabwato amafuna anthu othandiza kusamutsa bwato kuchoka doko lina kupita lina. Amene amadziwa kukonza injini ya dizilo, magetsi, kapena kusoka, amatengedwa msanga kuposa wamphamvu chabe. Telala wa pa msika wa Mupedzanhamo ku Mbare akanatipulumutsa tsiku lathunthu pa spinnaker ija.

Amalume anamvetsera zonsezi atatsamira mtengo, chipewa chili m'manja. Nditafika pa nkhani ya bedi losinthana anaseka mpaka kutsokomola, amvekere ndi mmene ankagonera m'mahositela a ku Matapi atangofika kumene, wina akuchokera ku ntchito ya usiku, wina akudzuka. Kenako anafunsa kuti mtunda tinauona bwanji. Ndinawauza kuti tisanauone tinaununkhiza, fungo la dothi lonyowa ndi utsi, kutatsala maola angapo kuti mapiri a Rio aoneke, ndipo nditatsika pa doko miyendo inakana, pansi pankagwedezeka kwa masiku awiri. Anagwedeza mutu, navala chipewa chawo, poti azakhali anali atatuluka ndipo ankatikodola.