Musanadandaule za mphuno yanu, bwererani m'mbuyo pang'ono

Anthu ambiri akabwera kudzajambulitsa, asanakhale n'komwe pampando amayamba ndi kupepesa: "Inetu sindioneka bwino pa chithunzi." Ndikawapempha kuti andionetse chithunzi chimene chinawakhumudwitsacho, amatulutsa foni, ndipo kawirikawiri imakhala selfie. Mphuno yafufuma, makutu abisala, chibwano chachepa. Nkhopeyo ilibe mlandu. Wolakwa ndi mtunda.

Munthu akadzijambula yekha, foni imakhala pa masentimita 40 kapena 50 kuchokera kumaso kwake. Tinene kuti mphuno ili pa 40, ndiye kuti makutu ali cha pa 50. Kusiyana kumeneko n'kwakukulu, ndipo kamera imakulitsa chilichonse chimene chayandikira. Wojambulayo akaima patali mamita awiri, mphuno imakhala pa 200, makutu pa 210, ndipo nkhope imaoneka mmene anthu amaionera tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ife ojambula nkhope timakonda malenzi a 85mm mpaka 135mm, amene amakokera pafupi zinthu zakutali. Mulibe matsenga m'menemo. Malenziwa amangotikakamiza kuima patali kuti mutu wonse ukwane. Lenzi imene foni imatsegulira ndi yotambalala, anaipangira kulowetsa gulu la anthu ndi malo. Ngati foni yanu ili ndi 2x kapena 3x, dinani pamenepo, mupatse mnzanu, abwerere m'mbuyo.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo apa m'pamene ndimataya nthawi yambiri. Dzuwa likakhala paliwombo limagwetsa mthunzi wa nsidze m'maso, maso n'kumaoneka ngati maenje awiri, mwini wake akutsinzinira. Dzuwa n'lalikulu inde, koma lili kutali moti kwa ife ndi kadontho chabe, ndipo nyale yaing'ono imapanga mithunzi yakuthwa. Mitambo ikaliphimba, thambo lonse limasanduka nyale imodzi yaikulu, khungu n'kusalala. Zenera limagwira ntchito yomweyo. Khazikani munthu pafupi nalo, kuwala kumupeze chakumbali, kenako mutembenuzeni pang'onopang'ono mpaka muone kadontho koyera kakunyezimira m'diso. Kadontho kameneko kakasowa, maso amaoneka ngati a chidole. Ine sindidina batani ndisanakaone.

Koma zeneralo lisakhale kumbuyo kwake. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kutenga pakati, ndiye kumbuyo kukawala kwambiri imachepetsa zonse, nkhope n'kumira, makamaka ya munthu wa khungu lakuda. Dinani pankhope pasikirini kuti kamera iyezere pamenepo.

Zotsalazo si za makina. Njira yojambulira zithunzi ya Louis Daguerre italengezedwa ku Paris mu 1839, kamera inkafuna nthawi yaitali kuti chithunzi chigwire, moti m'masitudiyo a zaka zotsatira munkakhala zitsulo zochirikiza mutu kumbuyo kuti munthu asagwedezeke. Zitsulozo zinatha kalekale, koma anthu akaona lenzi amaumabe khosi ngati zilipo. Mapewa m'mwamba, mpweya waugwira, mano pamtunda koma maso alibe chimwemwe.

Yousuf Karsh, wojambula zithunzi wotchuka wa ku Canada, anathana nalo vutoli mwa njira yakeyake. Mu December 1941 ku Ottawa, anapatsidwa kanthawi kochepa kuti ajambule Winston Churchill, nduna yaikulu ya dziko la Britain panthawiyo, amene anali atangolankhula kunyumba ya malamulo ya dziko la Canada. Churchill sanafune kuchotsa ndudu yake pakamwa. Karsh anapita n'kuitsomphola, nabwerera pa kamera n'kujambula nkhope yokwinyayo. Chithunzi chimenecho n'chimene chili pa ndalama ya mapaundi 5 ya ku England imene inatuluka mu 2016.

Ine mtima wotsomphola zinthu pakamwa pa anthu ndilibe. Ndimangocheza nawo kamera ili m'manja, kuwafunsa za ntchito yawo kapena za ana awo. Bambo wina anakhala theka la ola ataumitsa nkhope ngati akujambulitsa cha pasipoti, manja atawapinda pachifuwa. Nditatopa ndinati, "Basi bambo, tatha." Anapumira m'mwamba, mapewa anatsika, nayamba kumasula batani la pakhosi uku akuseka kuti ntchito imeneyi njolemetsa kuposa yake. Ndinadina kawiri asanadzuke. Pa zithunzi zonse za tsikulo, anasankha chachiwiricho, kolala ili pambali.