Mlimi wa nkhuku amene anaphunzitsa dziko kukayikira boma

Javier Milei atalumbira kukhala mtsogoleri wa Argentina mu Disembala 2023, tsiku lomwelo anadula maunduna kuchoka pa 18 kufika pa 9. Pa kampeni ankanyamula macheka a injini, kusonyeza mmene adzadulire ndalama zomwe boma limaononga. Ena akumuombera m'manja chifukwa mitengo yasiya kukwera mwaliwiro, ena akuloza nkhalamba zomwe penshoni yawo yatha mphamvu. Koma mfundo yoti boma lichoke pamsika si ya Milei, ndipo njira yoifalitsira inakonzedwa kalekale ku London ndi mlimi wa nkhuku, Antony Fisher.

Mu Epulo 1945 magazini ya Reader's Digest inasindikiza chidule cha buku la katswiri wa zachuma Friedrich Hayek, The Road to Serfdom, lochenjeza kuti boma likayamba kulamula za chuma chonse, ufulu wa anthu umatha. Mmodzi mwa owerenga anali Antony Fisher, amene ankayendetsa ndege zankhondo ndipo mchimwene wake Basil anaphedwa pankhondo mu 1940. Mu Julaye 1945 chipani cha Labour chinapambana chisankho ku Britain, n'kuyamba kutenga migodi ya malasha ndi njanji kuti zikhale m'manja mwa boma. Fisher anapita kwa Hayek ku London School of Economics kukamuuza kuti akufuna kulowa ndale.

Hayek anamuletsa. Anati andale amangotsatira zomwe anthu akhulupirira kale, choncho wofuna kusintha zinthu ayambire kwa aphunzitsi, atolankhani ndi olemba, chifukwa ndi amene amafikitsa maganizo kwa anthu wamba. Olemba mbiri sagwirizana za chaka cha kukumanaku: ena amati 1945, ena 1947. Komanso nkhaniyi inamveka kwambiri kuchokera m'kamwa mwa Fisher yemwe, ndipo munthu akamafotokoza chiyambi cha ntchito yake amakometsera. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi nkhani yomwe Hayek analemba mu 1949, yonena zomwezo za anthu ophunzira kwambiri.

Ndalama zinabwera mwanjira yoseketsa. Mu 1952 ng'ombe za Fisher zinaphedwa chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma n'kumupatsa chipukuta misozi. Chaka chomwecho anapita ku America, komwe anaona ulimi woweta nkhuku zankhaninkhani m'khola limodzi. Kampani yake, Buxted Chickens, inamulemeretsa, ndipo mu 1955 anakhazikitsa Institute of Economic Affairs, bungwe lofalitsa mfundo yoti boma lichoke pamsika. Amene amamutsutsa sachedwa kukumbutsa kuti mdani wa boma anadzukira pa ndalama za boma. N'zoona, koma chipukuta misozi anachilandira alimi ambiri. Nkhukuzo anazilera yekha.

Ralph Harris ndi Arthur Seldon, amene ankayendetsa bungweli, sankalemba mabuku akuluakulu. Ankatulutsa timabuku tating'ono totchipa, toti wophunzira n'kumaliza usiku umodzi, tofunsa mafunso amene panthawiyo ankaoneka amisala: n'chifukwa chiyani boma liziika mitengo? Telefoni ndi ya boma chifukwa chiyani? Kwa zaka pafupifupi 20 ankasekedwa.

Zotsatira n'zodziwika. Mitengo ku Britain inakwera kupitirira 20 peresenti mu 1975, Margaret Thatcher, wotsatira mfundozi, anapambana chisankho mu 1979, Harris anapatsidwa mpando ku House of Lords, mbali ina ya nyumba ya malamulo, kampani ya boma ya telefoni ya British Telecom inagulitsidwa mu 1984. Mu 1981 Fisher anayambitsa Atlas, bungwe lothandiza mabungwe otere m'mayiko ena, kuphatikizapo Argentina.

Milandu ilipo ndithu. Bungwe la Institute of Economic Affairs silitchula onse olipatsa ndalama, ndipo zinadziwika kuti makampani a fodya analipo. Midzi ya kumigodi inasauka migodi itatsekedwa. Mu 2022 nduna yaikulu ya Britain Liz Truss, wotsatira maganizo a bungweli, anayesa kudula misonkho mwachangu, msika womwewo unamukana, n'kutula pansi udindo asanathe miyezi iwiri. Komanso otsatira ambiri amadumpha tsamba lina m'buku lija: Hayek anavomereza kuti dziko lolemera litha kuonetsetsa kuti aliyense ali ndi chakudya, zovala ndi pogona.