Mapu a boma: tigule ngati katundu kapena tilembe saveya?

Maofesi a boma ndi makhonsolo muno mu Lusaka amafuna mapu kawirikawiri: ena owerengera nyumba zokhoma msonkho, ena osonyeza modutsa mapaipi a madzi, ena olembera pulani ya chitukuko monga likunenera lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015. Mafunso awa ndi amene ogula zinthu za boma amafunsa asanatulutse tenda.

Mapu ndi mapu basi. Mukuwagawiranji pawiri?

Chifukwa lamulo la Public Procurement Act la 2020, lomwe bungwe la Zambia Public Procurement Authority (ZPPA) limayang'anira, limasiyanitsa kugula katundu ndi kulemba akatswiri ntchito. Chithunzi cha setilaiti chojambulidwa kale, layisensi ya ArcGIS (pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mapu) ndi makina a GNSS (oyezera malo pogwiritsa ntchito masetilaiti, monga GPS), zonsezi ndi katundu: aliyense wogula amalandira zofanana. Koma kuyeza malire a poloti, kuyika mabikoni (zizindikiro za malire), kapena kuyeza kutsetsereka kwa nthaka kuti injiniya akumbe ngalande, imeneyo ndi ntchito ya katswiri.

Mukakayika dzifunseni: mapuwa akadzapezeka olakwika, adzayankhe mlandu ndani? Ngati pakufunika munthu wosayina dzina lake kutsimikiza kuti muyeso ndi wolondola, ndiye kuti simukugula katundu.

Kagulidwe kake kamasiyana bwanji?

Pa katundu mumalemba zomwe chinthucho chiyenera kukwaniritsa, ndipo mwa ogulitsa amene akwaniritsa zonse, wotchipa ndiye amapambana. Pa chithunzi cha setilaiti lembani malire a dera, chaka ndi miyezi yomwe chinajambulidwa, kukula kwa kadontho kamodzi ka chithunzicho, ndi kuchuluka kwa mitambo komwe mungalole. Chojambulidwa pakati pa November ndi April chimakhala ndi mitambo yambiri. Cha May mpaka July chimaoneka bwino, utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke.

Pa akatswiri njira ndi yaitali. Mumalemba ndondomeko ya ntchito, makampani amaonetsa chidwi, mumasankhapo ochepa, ndipo osankhidwawo amatumiza zikalata ziwiri zosiyana: china cha luso ndi kagwiridwe ka ntchito, china cha mtengo. Cha luso chimayamba kutsegulidwa. Amene walephera kufika pa malikisi omwe munaika, mtengo wake suonedwa n'komwe. Kawirikawiri luso limapatsidwa malikisi 80, mtengo 20, koma manambala enieni ndi amene mwalemba m'zikalata za tenda yanuyo. Kudula ntchito imodzi m'tizidutswa pofuna kuzemba tenda yapoyera n'koletsedwa.

Ntchito ya katswiri ikagulidwa ngati katundu, chimalakwika n'chiyani?

Wotchipa amatchipa chifukwa wachotsa zinthu zomwe sizioneka pa pepala. Choyamba kuchotsedwa ndi ulendo wopita pamalopo kukayeza malo odziwika olumikizira chithunzi ndi nthaka, poti umadya mafuta ndi masiku. Mapu amabwera okongola, amitundumitundu, komiti n'kuwalandira, ndalama n'kulipidwa. Vuto limadzaoneka patapita miyezi, kontrakitala akapeza kuti msewu wa pamapu ukulowa m'mpanda wa munthu. Apo simungamugwire wogulitsa, chifukwa kontrakiti inangoti abweretse mapu, ndipo anabweretsadi.

Kwinako nakonso kuliko kuwononga: kulipira kampani ya akatswiri mtengo wa ntchito yaikulu pomwe chimene yachita n'kungokugulirani chithunzi chomwe mukanaitanitsa nokha.

Wogulitsa akuti chithunzi chake ndi cha masentimita 30. Si kulondola kokwanira kumeneko?

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Masentimita 30 a zithunzi za masetilaiti monga WorldView-3 kapena Pléiades Neo, ngakhale 50 a Pléiades, akunena za kukula kwa malo omwe kadontho kamodzi kakuimira. Akutanthauza kuti mungaone denga, galimoto, mpanda. Sakutanthauza kuti dengalo lili pamalo pake penipeni. Chithunzi chosakonzedwa ndi miyeso ya pansi chimatha kuphonya ndi mamita angapo, pomwe m'makomboni ngati Kanyama kapena Chawama mamita atatu ndi njira yonse ya pakati pa nyumba ziwiri.

Choncho m'kontrakiti lembani manambala awiri osiyana: kukula kwa kadontho, ndi mulingo wa kuphonya womwe mungalole. Kenaka ofesi yanu ikhale ndi malo ake oyeserapo, oyezedwa ndi saveya wina, omwe kampaniyo sinawagwiritse ntchito pokonza mapu. Malipiro omaliza adikire mayeso amenewa.

Za kutalika kwa nthaka ndiye zovutirapo. Lusaka ndi wathyathyathya, ndipo madzi osefukira amatsata kusiyana kwa masentimita. SRTM, miyeso yaulere ya kutalika kwa nthaka yotengedwa kumwamba, ili ndi madontho a mamita 30 ndipo imaphonya kutalika ndi mamita angapo. Ndi yabwino poonera chigwa chonse, osati pokonzera ngalande ya ku Misisi. Pamenepo pamafunika lidar (kuyeza ndi kuwala kwa leza), droni yokhala ndi miyeso ya pansi, kapena saveya woyenda ndi makina.

Mapu atsopano sakugwirizana ndi akale. Wina wanama?

Mwina palibe wanama. Mapu akale a dziko lino anayezedwa pa dongosolo la miyeso lotchedwa Arc 1950, pomwe GPS ndi zithunzi za setilaiti zimabwera pa lina lotchedwa WGS 84. Malo amodzi omwewo, manambala ake a UTM (osonyeza malo pamapu m'mamita) amasiyana ndi mamita pafupifupi 300 kumpoto ndi kumwera. UTM imagawanso dziko lapansi m'mazoni: Lusaka ali mu zoni 35, Chipata mu zoni 36. Tenda yosatchula izi ikusiyira wogulitsa kuti asankhe yekha.

Kodi chithunzi chabwino chingakwane potulutsa tayitolo?

Ayi. Malinga ndi Land Survey Act, Chapter 188, muyeso wa malire olowa m'kaundula umachitidwa ndi saveya wovomerezeka ndi lamulolo, ndipo dayagiramu yake imavomerezedwa ndi ofesi ya Surveyor General ku Unduna wa za Malo. Wodziwa GIS (luso lokonza mapu pakompyuta), kaya ndi waluso chotani, sangasayine m'malo mwa saveya. Funsani layisensi ya munthu weniweni amene adzasayine, osati satifiketi ya kampani yokha.

Nanga zaulere?

Yambani nazo. Setilaiti ya Sentinel-2 imapereka madontho a mamita 10 masiku asanu aliwonse, Landsat mamita 30, ndipo pulogalamu yokonzera mapu ya QGIS silipiritsa layisensi. Poona mmene mzinda ukukulira cha ku Chongwe kapena mmene nkhalango ikuthera, zimenezi n'zokwana. Funsaninso ku Survey Department ndi ku National Remote Sensing Centre ngati boma lili nacho kale chomwe mukufuna. Zithunzi za Google Earth n'zoonera chabe. Malamulo ake salola kukoperapo mapu anu momwe mungafunire.

Ntchito ya droni ili mbali iti?

Droni yeniyeniyo ndi katundu. Mapu otuluka m'menemo ndi ntchito, ndipo woulutsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha Zambia Civil Aviation Authority. Zikasakanikirana chonchi, onani mbali yomwe yanyamula udindo waukulu, kapena gawani tenda m'magawo awiri omveka bwino.

Tikalipira, mapuwo ndi athu?

Werengani layisensi musanasayine. Chithunzi cha setilaiti simuchigula chonse. Mumagula chilolezo chochigwiritsa ntchito, ndipo nthawi zambiri chimakhala cha ofesi imodzi. Ngati khonsolo idzafune kugawana ndi unduna kapena kampani ya madzi, zilembedwe poyamba, apo ayi boma lidzalipira kawiri chithunzi chimodzi. Pa ntchito ya akatswiri, kontrakiti inene kuti zonse ndi za boma: mafayilo otheka kusintha monga shapefile ndi GeoTIFF, miyeso ya pansi, ndi lipoti la mmene anayezera. PDF yokha musailandire. Ngati ntchitoyo ikusonkhanitsa mayina ndi manambala a NRC a eni nyumba, kontrakiti itsatenso Data Protection Act ya 2021 ndipo inene tsiku lomwe kampaniyo idzafufute zimenezi m'makompyuta ake.