Chifukwa chake namwino amakufunsani zambiri asanakulembereni mankhwala

Mukapita ku kiliniki ya khonsolo ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Mabvuku muno mu Harare, ku Zimbabwe, nthawi zambiri amene amakupimani ndi kukulemberani mankhwala ndi namwino, osati dokotala. Ine ndine mmodzi wa anamwino amenewo. Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa anthu akwathu, tikakumana pamaliro kapena potuluka m'tchalitchi, ndi lakuti a sisita amachulutsa mafunso, mapeto ake n'kungokupatsa panado. Ena amati timaumira mankhwala. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa munthu amene wachoka pa kiliniki mtima uli m'malere salunjika kunyumba. Amadzera pamsika kukagula makapisozi, ndipo kumeneko palibe amene amamufunsa kanthu.

Namwino salemba mankhwala mmene wafunira. Ayenera kukhala m'kaundula wa Nurses Council of Zimbabwe ndi kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchito chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Mankhwalawo nawo ayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe, MCAZ, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997. Bungweli ndi limene limagamula kuti awa agulitsidwe m'sitolo wamba, awa mu famase mokha, awa asaperekedwe popanda kalata ya wachipatala. Mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine ndi pethidine ali ndi lamulo lawolawo, Dangerous Drugs Act. Amakhala m'kabati yokhoma, ndipo jakisoni aliyense wotulukamo amalembedwa m'buku: wabayidwa ndani, tsiku lanji, wamubaya ndani.

Pa tebulo la namwino aliyense mupezapo buku lotchedwa EDLIZ, limene dziko lino lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1980. M'bukumo muli matenda, mankhwala ake ndi mlingo wake, ndipo pambali pa dzina la mankhwala pali chilembo. C ndi mankhwala a pa kiliniki, B a pachipatala cha m'boma, A a zipatala zazikulu, S ndi a akatswiri okhaokha. Choncho namwino akakuuzani kuti izi pitani nazo ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, sikuti wakutayani. Mwina mankhwala amene mukufunikira ali pamwamba pa mphamvu zake, kapena sangayambidwe magazi asanapimidwe m'njira imene pa kiliniki palibe. Ndikudziwa kuti kalata yotumizira imatanthauza ndalama ya kombi ndi tsiku lina lathunthu pamzere. Komabe namwino amene angalumphe malire ake pofuna kukusangalatsani ndi amene muyenera kumuopa.

Lamulo ndi mbali yaing'ono chabe. Mafunso ambiri amachokera pa mmene mankhwala amayendera m'thupi.

Piritsi mukalimeza limasungunuka, n'kulowa m'magazi kudzera m'matumbo, n'kudutsa m'chiwindi. Chiwindi chimaliphwanya, impso n'kutulutsa zotsala mumkodzo. Ntchito yotulutsayi imayamba nthawi yomweyo, siidikira kuti muchire. N'chifukwa chake mankhwala ena timati katatu patsiku, ndipo tikatero tikutanthauza pakapita maola pafupifupi 8 aliwonse, osati kumwa atatu onse pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro. Zili ngati kusonkhezera moto pophika nyemba: mukasiya moto uzime n'kudzaunjika nkhuni zonse madzulo, nyemba sizipsa, mphika ndi umene umapserera.

Tsopano taganizirani munthu amene impso zake zafooka, monga zimakhalira ndi agogo ambiri ndiponso odwala shuga kapena BP kwa zaka. Mankhwala amachedwa kutuluka, mlingo wa lero umapeza wa dzulo usanathe. Agogo otere akamamwa brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo, impso zimaonongekeratu, BP imakwera, ndipo m'mimba mutha kutuluka zilonda zotaya magazi. Ndikafunsa zaka zanu, ndiponso ngati mapazi amatupa, ndikuyeza zimenezi. Panado amene anthu amamunyozayo nthawi zambiri ndi amene ali wotetezeka kwa iwo. Koma nayenso ali ndi polekezera: munthu wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku, kutanthauza mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo wakumwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi achepetse kuposa apo. Mankhwala ambiri a chimfine ogula m'sitolo ali kale ndi paracetamol, yemwe ndi panado yemweyo. Munthu amamwa onse awiri osadziwa kuti akubwereza chinthu chimodzi, ndipo chiwindi chimavulala mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masiku.

Mwana ndiye timayamba tamukweza pa sikelo. Paracetamol wa mwana amawerengedwa pa kulemera kwake, 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse. Ana awiri obadwa mwezi umodzi angasiyane kulemera kwambiri, ndiye mlingo umene analembera mwana wa mnansi wanu si wa mwana wanu. Amayi, yezerani ndi kasipuni kapena kajakisoni kamene kabwera ndi botolo, osati sipuni ya tiyi.

Funso limene anthu amalizemba kwambiri ndi lakuti mukumwa mankhwala ena ati. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa m'dera lathu anthu ambiri ali pa ma ARV, ena pa mankhwala a TB, ena pa zonse ziwiri.

Mwa mankhwala a TB muli rifampicin, uja amasintha mkodzo kukhala wofiirira. Kufiirako si vuto. Vuto ndi lakuti rifampicin amafulumizitsa chiwindi, chimayamba kuphwanya mankhwala ena msanga kuposa kale. Munthu amene akumwa TLD, piritsi limodzi lija la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, akayamba mankhwala a TB, dolutegravir amachepa m'magazi. Ndiye timamuonjezera kapiritsi kena ka dolutegravir ka 50 mg, koti amwe patapita maola 12. Ngati munthuyo amatenga ma ARV ku kiliniki yakutali pothawa maso a anthu, n'kubwera kwa ine ndi chifuwa osanditchulira, kapiritsi kameneko sindilemba, ndipo kachilombo kamapeza mpata wozolowera mankhwala. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono, Jadelle kapena Implanon. Mayi atha kutenga pakati kali pamkono pomwepo. Tikadziwa, timakambirana za jakisoni wa Depo kapena lupu. Dolutegravir nayenso sagwirizana ndi mankhwala a kutentha pamtima, kapenanso mapiritsi oonjezera magazi ndi a calcium akamwedwa popanda chakudya, chifukwa amamugwira m'matumbo asanalowe m'magazi. Amakwezanso mphamvu ya metformin wa odwala shuga. Zonsezi zili ndi njira yake yosavuta, bola tidziwe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene mwanena m'chipinda chopimira lamulo limandiletsa kuzitulutsa, ngakhale ndikhale wa mpingo wanu kapena wa mudzi umodzi ndi makolo anu. Ngati simukumasuka ndi namwino amene mumadziwana naye, pemphani wina, palibe cholakwa. Koma musabise. Chimodzimodzi ndi zitsamba. Sindifunsa kuti ndikudzudzuleni. Tonse tinakula tikumwa mizu ya agogo. Ndimafunsa chifukwa zitsamba nazo zimadutsa m'chiwindi ndi m'impso zomwezo, ndipo maso akayamba chikasu ndiyenera kudziwa zonse zimene zalowa m'thupi.

Amayi a msinkhu wobereka, tikakufunsani tsiku limene munasamba komaliza, musaone ngati chipongwe. Enalapril wa BP amaononga impso za mwana ali m'mimba, ndipo mayi woyembekezera timamusinthira ku mankhwala ena monga methyldopa kapena nifedipine.

Nkhani imene timakangana kwambiri ndi odwala ndi ya maantibayotiki. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sachita kanthu pa mavairasi. Chimene amachita ndi kuphunzitsa mabakiteriya okhala m'thupi mwanu kupirira mankhwalawo. Ife a mu Harare izi si zongomva. Kolera atabuka ku Glen View ndi ku Budiriro mu September 2018, anapeza kuti tizilombo take sitinkamva ciprofloxacin ndi ceftriaxone, mankhwala amene tinkadalira, ndipo odwala kwambiri anayenera kupatsidwa azithromycin. Tayifodi wa m'madera mwathu nayenso anayamba kukana ciprofloxacin, ndipo mu 2019 anthu ambiri, makamaka ana, m'madera angapo a mzinda uno anabayidwa katemera wa tayifodi. Kapisozi aliyense womwedwa popanda chifukwa, ndiponso mankhwala osiyidwira panjira munthu akangopezako bwino, zimathandizira vuto limeneli. Amene amagulitsa makapisozi awiriawiri m'mbali mwa msewu sadziwa zimene mukudwala, katundu wake wakhala padzuwa, ndipo ena mwa mankhwalawo sanadutse n'komwe ku MCAZ. Njira yomweyo ndi imene imabweretsa bronco, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene akumaliza anyamata athu m'makona. Namwino kapena wa mu famase akakana kupereka mankhwala a chifuwa otere kwa mwana wanu, muthokozeni.

Pali funso lina lokhudza ife makamaka, amene timakwera basi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kupita kumudzi ku Malawi, kapena ku Chipata. Harare ali pamtunda, malungo safala kwenikweni mumzinda muno, ndipo amene anabadwira kuno kapena akhalitsa alibe chitetezo chimene abale athu a kunyanja ali nacho. Mukatentha thupi mutabwerako ku ulendo, nenani kumene munali, ngakhale patapita milungu. Tidzakubayani chala kaye. Akapezeka malungo, Coartem, amene kumudzi amati LA, amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, wamkulu mapiritsi anayi nthawi iliyonse, pamodzi ndi chakudya cha mafuta pang'ono monga mkaka kapena phala la nsinjiro kuti alowe bwino m'magazi. LA wotsala amene azakhali anakupatsirani ponyamuka amangoziziritsa matenda osawatha, ndipo angasokoneze zotsatira za kupima.

Pobwera ku kiliniki tengani buku lanu lachipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha. Musanadzuke pampando, dziwani dzina la mankhwala amene mwalemberedwa, ntchito yake, kangati patsiku, masiku angati. Ngati Chishona kapena Chingerezi chathamanga, makamaka kwa agogo athu, pemphani abwereze pang'onopang'ono kapena lowani ndi mdzukulu amene mumamukhulupirira. Mankhwala akasowa pa kiliniki n'kukulemberani kuti mukagule, gulani mu famase yovomerezeka ndipo musagule theka la maantibayotiki. Ndalama ikaperewera bwererani mutiuze, mwina alipo ena otsika mtengo ogwira ntchito yomweyo.

Mankhwala olembedwa bwino nawonso nthawi zina amamuwenga munthu. Mukayamba cotrimoxazole, amene ambiri amati Bactrim, n'kuona totupa pakhungu pamodzi ndi zilonda m'kamwa, maso ofiira kapena kutentha thupi, lekani kumwa ndipo bwerani tsiku lomwelo. Kutupa milomo kapena kubanika mutamwa amoxicillin kapena mutabayidwa penicillin ndi ngozi yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Maso achikasu ndi kusanza muli pa mankhwala a TB nazonso sizidikira tsiku lanu la pa khadi. Zikachitika zotere namwino amalemba dzina la mankhwalawo pachikuto cha buku lanu ndi zilembo zazikulu, kuti wina aliyense amene adzakupimeni aone, ndipo amadzaza fomu yopita ku MCAZ, kumene amasonkhanitsa malipoti otere a dziko lonse.