Mpala: famu ya ng'ombe imene inasanduka sukulu ya nyama zakutchire

Dera la Laikipia ku Kenya linali msipu wa Amaasai mpaka atsamunda a ku Britain anawasamutsira kummwera pambuyo pa pangano la 1911. Malowo anagawidwa kukhala mafamu akuluakulu a azungu, ndipo Mpala, ya maekala pafupifupi 48,000 m'mbali mwa mtsinje wa Ewaso Ng'iro, ndi imodzi mwa iwo.

Sam Small anagula famuyi mu 1952, ndipo mu 1969 inasiyidwa m'manja mwa m'bale wake George Small wa ku America. Iyeyu anakhazikitsa Mpala Wildlife Foundation mu 1989, kenako mu 1994 panatsegulidwa malo a kafukufuku mogwirizana ndi yunivesite ya Princeton, Smithsonian Institution, Kenya Wildlife Service ndi National Museums of Kenya.

Chimene ine ndimachiyamikira n'chakuti ng'ombe sanazichotse. Zimadya limodzi ndi mbidzi, njovu ndi nyamalikiti, choncho mkangano wakale uja, woti nyama zakutchire zimalanda udzu wa ziweto, unapeza pouyesera. Mu 1995 katswiri wa zachilengedwe Truman Young ndi anzake anatchinga zigawo za tchire ndi mipanda yosiyanasiyana: kwina kolowa ng'ombe zokha, kwina nyama zakutchire zokha, kwina zonse pamodzi, kwina kopanda chilichonse. Mipandayo ilipobe mpaka lero. Zimene Wilfred Odadi, katswiri wa ku Kenya komweko, anafalitsa mu 2011 zinaonetsa kuti abusa a ziweto sanama: m'chilimwe ng'ombe zodyera limodzi ndi nyamazi sizinenepa bwino. Koma m'dzinja zinthu zimatembenuka. Mbidzi zimadya mapesi ouma a udzu, n'kusiya msipu wanthete poyera, ndipo ng'ombe zimanenepa kuposa zodya zokha.

Ophunzira a m'mayunivesite a ku Kenya ndi akunja amagona konko n'kumaphunzirira m'tchire momwemo, ndipo ana a m'masukulu oyandikana ali ndi makalabu oteteza chilengedwe.

Nkhani ya malo ndiyo sinazizire. M'chilala cha 2017 abusa analowetsa ng'ombe zambirimbiri m'mafamu a Laikipia, anthu ndi nyama zinafa. Mwana wa m'busa amene akuphunzitsidwa kuwerenga mizere ya mbidzi akudziwanso kuti kwawo msipu unatha pamene kuseri kwa malire udzu uli bwee, ndipo funso limenelo mipanda ya kafukufuku sinaliyankhe.