Zitseko za pa Panama sizitchinga nyanja ayi

Zaka ndi zaka ndikumvabe nkhani yomweyi, eti zitseko zikuluzikulu za pa ngalande ya Panama, njira yochita kukumba yomwe sitima za pamadzi zimadutsamo pakati pa nyanja za Pacific ndi Atlantic, anaziika chifukwa nyanja ya Pacific ili pamwamba kwambiri kuposa Atlantic, ndiye akuti bungwe la boma loyendetsa ngalandeyo litangozisiya zotsegula madzi angasefukire n'kumiza mayiko. Abale, si choncho ayi.

Nyanja ziwirizi zimasiyana pang'ono chabe, mwina masentimita 20 basi. Vuto ndi mtunda umene uli pakatipo. Sitima imalowa m'chipinda, amatseka zitseko kumbuyo kwake n'kulowetsa madzi kudzera pansi mpaka iyandame m'mwamba, kenako chipinda china, choncho mpaka ifike pa nyanja ya Gatun ya pakati pa mtundawo, yomwe ili mamita 26 pamwamba pa nyanja ziwiri zija, ikawoloka amaitsitsanso mbali inayo. Madziwo ndi amvula a mu Gatun momwemo, amangotsetsereka okha popanda mapampu, nchifukwa chake kukachita chilala amachepetsa sitima zodutsa.

Tsegulani mapu pafoni muone Gatun ili pakatipo, kenako muone ngalande ya Suez ku Egypt, kulibe chitseko olo chimodzi poti malo ake ndi athyathyathya. Zomwe simunafufuze chonde musamangozitumiza m'magulu.